Nambala Yaulemu ya a Beston

Amuna anga a Beston amasunga nambala ziwiri pa munthu aliyense wobwera kudzasoketsa. Yoyamba ndi imene tepi yanena. Imeneyo amailemba mwakachetechete m'buku lawo, ndipo ndi imene amadulira nsalu. Yachiwiri ndi imene amatchula mokweza kuti mwini chiuno amve, ndipo amaitcha nambala yaulemu. Mayi wa mainchesi 44 amauzidwa kuti ndi 40, amapita kwawo akumwetulira, diresi n'kudzamukwana bwinobwino. Zaka zonse zimene takhala ku Broadhurst mumzinda wa Gaborone, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya eni, ndinkaseka nawo khalidwe limeneli. Sindinkadziwa kuti tsiku lina adzandichita zomwezo ine Louisa, mkazi wawo wa zaka makumi awiri ndi zisanu.

Chinali chaka cha 2006. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Chisangalalo, amene tinamusiya kwa achemwali anga ku Balaka ali Fomu 1, anali atakula, ali mphunzitsi, ndipo ukwati wake unali pa 26 Ogasiti. A Beston anali asanapondeko kumudzi zaka zisanu. Diresi ya ukwati ankasoka okha. Miyeso mwanayo anatumiza pa kalata, koma bambo ake atawerenga anangoseka n'kuwonjezerapo mainchesi awiri m'chiuno. Anati mwana wa telala sangatumize nambala yoona.

M'nyumba mwathu munali chimwemwe, koma ine ndinali ndi kanthu kondidya mumtima. Chaka chapitacho achimwene awo a Norman anagwa m'munda, dzanja ndi mwendo n'kufa, pakamwa n'kupotoka, ndipo patatha masiku atatu anatisiya. Achipatala anati inali sitiroko yobwera ndi BP. A Norman anali ndi zaka 53. A Beston anali atangokwanitsa 52, thupi lomwelo, khosi lomwelo, kukonda tiyi wa shuga wambiri komweko.

Nkhawa imeneyi ndinawauza abwana anga a Mma Neo a ku Block 6, amene ndawagwirira ntchito ya m'nyumba zaka zisanu ndi zinayi. Iwo analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kabokosi. Munali makina oyezera BP a malemu amayi awo: kachipangizo koyera koyendera mabatire, kapaipi, ndi lamba wovala pamkono. Anandilembera papepala kuti makinawo amaonetsa nambala ziwiri, yapamwamba ndi yapansi. Munthu wamkulu akamadziyeza kunyumba, yapamwamba isamafike 135, yapansi isamafike 85. Zikamapitirira pamenepo tsiku ndi tsiku, akaonane ndi achipatala. Zikafika 180 kapena 110, asadikire mawa. Ndinati ke a leboga, zikomo wa Chitswana, katatu konse, n'kukakwera kombi, minibasi ya kuno, nditakumbatira kabokosiko.

Vuto linayamba madzulo omwewo. Lamba uja anakana kukumana pamkono pa a Beston. Asanaphunzire utelala ankaumba njerwa, ndiye mkono wawo uli ngati ntchafu ya munthu wina, pamene malemu mayi a Mma Neo anali kamunthu koti mphepo ya Ogasiti ikanatha kukanyamula. Tinakoka, tinakankha, chomatira chake n'kumangomasuka. A Beston anamuyang'ana lambayo monga amayang'anira buluku la kasitomala wonenepa, n'kunena kuti limeneli si vuto. Anatenga kachidutswa ka chitenje chotsala pa yunifomu ya ukwati, anaika chigamba, anasuntha chomatira, ndipo pasanathe mphindi khumi lamba anazungulira mkono wonse. Ndisaname, ine ndinawayamikira. Ndinanenanso kuti azungu opanga makinawa akanayenera kuwalemba ntchito.

Kayezedwe kake kanalinso kautelala. Kwa a Beston munthu woyezedwa amaimirira chilili, chifuwa patsogolo, mimba m'kati, mkono utatambasulidwa. Anaimirira choncho. Popeza Julaye wa ku Gaborone amazizira mpaka m'mafupa, lambayo anamuvala pamwamba pa juzi. Anali atangomwa makapu awiri a tiyi, ndipo makina akufinya iwo anali kalikiliki kuwalankhula kuti asawachititse manyazi pamaso pa mkazi wawo. Makinawo sanamve. Anaonetsa 172 pamwamba, 104 pansi.

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense ku Broadhurst amadziwa. Ndinawauza pomwepo kuti ulendo wathu ndi wa masiku awiri pa basi, kudutsa Francistown, Bulawayo, Harare, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, ndipo ine sindikwera basi ndi munthu woti akandigwere pa mlatho wa Zambezi. Nambala zikapanda kutsika tipita kuchipatala, ndipo dokotala akati musayende, mutsala, diresi ndinyamula ndekha. Iwo anapempha masabata awiri okha. Chipatala ankachiopa chifukwa ankakhulupirira kuti dokotala akangoona nambalazo, ukwati wa mwana wawo adzaumvera pa foni.

Ndinavomera, koma ndinawakhaulitsa. Mchere ndinachotsa m'ndiwo zawo. Shuga ndinasiya supuni imodzi. Magwinya, mandasi aja a kuno amene ankagula pa msewu m'mawa uliwonse, ndinakawaletsa kwa mayi wogulitsayo pamaso pa anthu. Ine mwini ndinali ndi kachitini kanga ka mchere m'thumba la epuloni, ndipo ndinkathira m'mbale mwanga iwo akuona. Ndinkati wodwala ndi inu, ine ndine wowonda ngati bango, BP ingakhale pati pa ine?

Ine ndimanyamuka sikisi koloko kukagwira kombi, ndipo ndimabwera dzuwa litalowa, choncho ankadziyeza okha n'kundiuza ndikafika. Tsiku lachitatu anati 156. Lachisanu lake anati 148. Sabata yachiwiri isanathe anandilandira pakhomo ndi 138 pamwamba, 86 pansi. Ndinasangalala zedi. Kutchalitchi ndinauza amayi onse kuti BP ya amuna anga ndaitsitsa ndekha ndi manja angawa, wofuna malangizo abwere. Ndinafika pomawaonjezera kasupuni ka shuga Lamulungu ngati mphotho.

Loweruka lina m'mawa ndikusita, a Mma Neo anandifunsa za makina aja. Nditawauza nkhani yabwinoyo anakondwa, kenako anangoti ndikafuna kuona mmene zatsikira ndidine kabatani ka kumanja, makinawo amasunga nambala zakale. Loweruka ndimaweruka masana. Nditafika ndinapeza a Beston atapita kukapereka mayunifomu a sukulu kwa kasitomala. Ndinatenga makinawo, ndinakhala pabedi, ndinadina kabatani kaja ndikumwetulira.

Inabwera 174 ndi 105. Ndinadinanso, 169 ndi 101. Kenako 177 ndi 106. Ndinadina mpaka chala kuwawa, koma panalibe ngakhale imodzi yotsika pa 165.

Ndinadziwa kokayang'ana. Ndinatsegula buku lawo la miyeso, tsamba lomaliza. Nambala zoona zonse zinali pamenepo, tsiku ndi tsiku, zolembedwa bwino ndi pensulo. M'munsi mwake analemba zina. Makina osokera apite kwa Chisangalalo. Sizasi yaikulu ipite kwa mwana wa a Norman. Suti yotuwa, ikapanda kuvalidwa pa ukwati, mundiveke yomweyo. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ankadzuka tambala asanalire kumasoka diresi ya mwana ngati akuthamangitsidwa. Ndinapsa mtima, ndinachita mantha, ndipo ndinawamvera chisoni, zonse nthawi imodzi, moti sindinadziwe choyambira.

Atalowa anandipeza nditakhala ndi buku pamiyendo. Anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Bambo a Chisa," ndinatero, "ine ndine kasitomala wanu?"

Anakhala pa mpando wa makina, n'kumazunguliza chipewacho m'manja.

"Ndimafuna ndikamuone atavala diresi imeneyi, mayi a Chisa. Maliro a achimwene ndinawamvera pa foni. Ukwati uwu wokha ayi. Ngati n'kugwa, ndikagwere komweko."

Ndinangowauza kuti avalenso chipewacho, tikupita ku Block 9 pompano.

Ku Block 9 kumakhala a Inutu, nesi wa ku Zambia amene timapemphera naye. Ndi mayi wamtali, woseka ndi thupi lonse, ndipo odwala a mpingo wathu amayamba kwa iwo asanapite kuchipatala. Tinakwera makombi awiri. Tinawapeza akuthirira sipinachi kuseri ndi madzi otsukira mbale. Nditawafotokozera zonse anasiya chitini, nkhope itasintha, natilowetsa m'nyumba. Koma nditatsegula kabokosi n'kutulutsa lamba wa chigamba cha chitenje cha maluwa achikasu, anamuyang'ana, anayang'ana a Beston, kenako anagwira m'mimba n'kuseka mpaka misozi.

"Ba Beston, ichi nichani manje? Imwe ba tailor, mungavalike munthu mukulu jacket ya mwana, ati chifukwa mwaikako chigamba kumbuyo?"

A Beston anati msokowo ndi wolimba, aonetsetse. A Inutu anavomera kuti msoko ulibe mlandu. Anawapatsa lambayo kuti apapase, n'kuwaonetsa kuti m'kati mwake muli kathumba ka mpweya. Kathumba kameneko ndi kamene kamayeza, ndipo kayenera kuzungulira pafupifupi mkono wonse. Chigamba chinatalikitsa nsalu yokha, kathumba kanatsala kakang'ono komweko. Kathumba kakachepa, makina amafinya mopitirira kuti amve kugunda kwa magazi, ndiye nambala imakwera yabodza. Kenako anapempha tepi. A Beston sayenda opanda tepi m'thumba, ngakhale kumaliro. A Inutu anawavula juzi n'kuwayeza mkono ndi tepi yawo yomwe: masentimita 38. Anatembenuza lamba uja n'kutionetsa zimene zinalembedwa m'mphepete mwake, 22 mpaka 32. Telala wa zaka makumi awiri anali asanawerenge saizi ya chovala.

Atamva kuti ankadziyeza chiimirire, pamwamba pa juzi, atamwa tiyi, akulankhula, a Inutu anakhala pansi kaye kuti apume. Kenako anatulutsa makina awo okhala ndi lamba wamkulu. Anawatumiza kuchimbudzi kukataya madzi. Atabwera anawakhazika pa mpando wotsamira, mapazi onse pansi osapingasa miyendo, mkono wopanda chovala utagona patebulo molingana ndi mtima.

"Five minutes. Osakamba. Na imwe ba Louisa, osabakambisa."

Chikwatiranireni sindinawaonepo a Beston atakhala chete mphindi zisanu ali maso. Milomo inkagwedera yokha. Ine ndinkayang'ana wotchi ya pakhoma, ndikupemphera chamumtima. Makina anayamba kulira, lamba anafufuma, kenako anaphwa pang'onopang'ono. Inabwera 139 ndi 88. A Inutu anadikira mphindi imodzi n'kuyezanso. Inabwera 136 ndi 86.

Anatiuza kuti tisathamangire kuvina. Nambala zimenezi si zoopsa, koma si zoti munthu agonerepo tulo, makamaka amene mbale wake anagwa ndi sitiroko. Anati a Beston ali pa mpanda, mwendo wina kuno wina uko. Apitirize kuchepetsa mchere, aziyenda pansi, adziyeze m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri ndi lamba wowakwana, ndipo akaonetse achipatala. A Beston anamvetsera zonsezo akugwedeza mutu, koma funso lawo linali limodzi, la basi.

"Basi mukwela, ba tate. Mukavine na kuvina."

Zoti tisathamangire kuvina zinathera pomwepo. A Beston anadzuka malaya ali mkono umodzi, n'kuyamba kudula sitepe ya ukwati pakati pa balaza la eni, kuchokera pa tebulo mpaka pa firiji. Ine ndinaimba nthungululu mpaka agalu a oyandikana nawo anayamba kuuwa. Ndinawakhululukira pomwepo za nambala yaulemu, ngakhale sindinawauze, chifukwa mwamuna ukamukhululukira msanga amazolowera. Ndinawakumbutsa a Inutu kuti mchere ndinawaletsa ndine, choncho mbali ina ya ulemu ibwere kwa ine.

Atatopa, a Beston anatulutsa kasizasi n'kumasula chigamba chawo, akudandaula kuti ntchito yabwino ikupita pachabe. A Inutu anati tiwayese makina a Mma Neo ngati akadali bwino, ndipo mkono woyenera lamba ameneyo unalipo umodzi wokha m'nyumbamo, wanga. Ndinakhala pa mpando uja monyada. Ndinati ayeze aone mmene BP ya munthu wodzisamala imakhalira. Mphindi zisanu zanga ndinazikwanitsa, ngakhale a Beston akuti zinali zitatu.

Inabwera 179 ndi 108.

Ndinaseka. Ndinati chigamba chija chawononga makina a eni. A Inutu sanaseke nawo. Anatenga makina awo, anaikako lamba wamng'ono, anandiuza kuti ndipume bwinobwino, n'kuyeza mkono winawo. Inabwera 176 ndi 107. Anadikira n'kuyezanso, koma sizinasinthe kwenikweni.

A Inutu anayamba kundifunsa modekha ngati mutu ukundiwawa kwambiri, ngati ndikuona zinthu mwachimbuuzi, ngati pachifuwa pakundipweteka kapena kubanika, ngati dzanja kapena mwendo wachita dzanzi. Zonse ndinakana, ndipo sindinkanama. Ndinali bwinobwino. Ndinawauza kuti ine ndimakolopa nyumba ya zipinda zisanu osapuma, ndine wowonda, sindinagonepo m'chipatala chibadwire cha Chisangalalo. Iwo anati ndi mmene imachitira BP, anthu ambiri samva kalikonse, ndipo siyang'ana kuti uyu ndi wonenepa kapena wowonda. Anafunsa za makolo anga. Ndinati amayi anagwa pa chitsime ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, osadwala, ndipo kumudzi tinangoti ndi mphepo yoipa. Anali owonda ngati ine. Nditamaliza kunena zimenezo ndinazimva ndekha, ndipo ndinachita mantha enieni.

A Inutu anati popeza palibe chizindikiro chilichonse, ndipite kunyumba ndikapume, koma Lolemba m'mawa ndikhale woyamba pa mzere kuchipatala. Chimodzi mwa zimene anandifunsazo chikangoyamba, kapena nambala ikadutsa 180 kapena 110, tisadikire Lolembalo. Ndinafunsa za basi ndi mawu aang'ono, osakhala anga. Anati zimenezo akanena ndi dokotala, koma ndi nambala za lerozi iwo sangandilole.

Pobwerera m'kombi ndinkayembekeza kuti a Beston andibwezera. Akanatha kunena kuti anyani amasekana zikundu, ndipo ndikanangomeza. Akanatha kunena kuti iwo sakwera basi ndi munthu woti akawagwere pa mlatho wa Zambezi. Anangotenga kabokosi kaja pamiyendo panga n'kukanyamula okha.

Lolemba a Mma Neo anandipatsa tsiku lopuma. Dokotala anandiyeza, anatenga magazi ndi mkodzo, anandipatsa mapiritsi akumwa m'mawa uliwonse, n'kunena kuti ndibwerenso pakatha masabata atatu ndi nambala za kunyumba. Tsiku lobwereralo linali Lolemba la pa 21 Ogasiti. Basi yathu inali yonyamuka mawa lake.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munalowa nesi wina woopsa kuposa a Inutu. A Beston anatsegula tsamba latsopano m'buku la miyeso, analemba dzina langa pamwamba, anajambula mizere ndi rula. Hafu faifi m'mawa, ndisanamwe piritsi kapena tiyi, ankandikhazika pa mpando, pilo kumsana, mkono pa tebulo la makina osokera, wotchi patsogolo. Ndikangotsegula pakamwa ankakweza chala n'kunena "Osakamba" ndi mawu a Chizambia. Ankayeza kawiri, n'kutembenuza makina kuti ndidzionere ndekha asanalembe. Madzulo tisanadye, chimodzimodzi. Akatha ine ankadziyeza okha ndi lamba wamkulu amene tinakagula ku famase, atakhala pansi ngati munthu.

Kachitini kanga ka mchere anakapeza m'thumba la epuloni tsiku lachiwiri. Mpaka lero amasungiramo mapini. Ndiwo zopanda mchere wokwanira ndinazidya ndikung'ung'udza, iwo n'kumandikumbutsa mokoma mtima kuti mawu akuti lilime lizolowera anawamva kwa ine. Madzulo ankandichingamira pa siteji ya kombi ya kutali, kuti tiyende pansi mpaka kunyumba. Anthu a mu msewu mwathu anayamba kutiseka kuti a Malawi aja ayambanso chibwenzi. Kunena zoona zinkandikomera. Zaka zonsezi tinali tisanayendepo limodzi popanda katundu m'manja.

Nambala zinayamba kutsika, koma mwaulesi. Sabata yoyamba zinali m'ma 160. Yachiwiri zinalowa m'ma 150, kenako 148. Tsiku lina achemwali anaimba foni kuti akuchimuna awonjezera anthu makumi anayi pa mndandanda wa odzadya, ine n'kuwayankha mmene ndimayankhiramo. Madzulo ake inabwera 166. Ndinalira, ndinati basi ukwati wandipita. A Beston analemba nambalayo osachotsapo kanthu, n'kulemba pambali pake kuti foni ya ku Balaka. Anandikumbutsa zimene a Inutu ananena, kuti nambala imodzi siweruza mlandu, chofunika ndi mmene zikukhalira sabata yonse. Anati ngakhale iwo sadula nsalu atayeza kamodzi. Kuyambira pamenepo foni za achemwali ankayankha okha.

Pa 21 tinapita tonse, iwo atanyamula buku. Dokotala, mtsikana wa Chitswana wa msinkhu wa Chisangalalo, anatsegula n'kuyamba kudutsa masamba a ziuno ndi zifuwa za anthu a ku Broadhurst, mpaka a Beston anamuthandiza kupeza tsamba loyenera. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anati chiyambireni ntchito sanaonepo wodwala wobwera ndi nambala zolembedwa bwino chonchi. A Beston anakhala tsonga ngati alandira mendulo. Dokotalayo anatenga za masiku asanu ndi awiri omaliza, anasiya za tsiku loyamba, anaphatikiza zotsalazo n'kugawa. Zinabwera 142 ndi 89. Za a Beston zinabwera 133 ndi 84.

Anati sindinafike pofunika, pansi pa 135 ndi 85, ndipo mapiritsiwa si a ukwati wokha, ndi a masiku onse ngakhale nditamva bwino chotani. Ndikabwerako adzaona ngati n'kofunika kuwonjezera. Koma magazi ndi mkodzo zinali bwino, ndipo pamene ndachoka ndi patali. Ndinyamule mapiritsi okwanira, ndinyamule makina, pa chipata chilichonse nditsike ndiwongole miyendo. Kenako anatseka buku n'kunena kuti tsamayang sentle, mukafike bwino. Ndinamugwira dzanja ndi manja awiri. Panja a Beston anafuna kuyambanso sitepe ija, ndinawaletsa chifukwa panali odwala.

M'mawa wa ulendo zikwama zinali pakhomo, diresi ya mwana ili m'thumba lake la pulasitiki pamwamba pa zonse. Ndinkaganiza kuti lero nesi wanga apuma, koma ndinapeza mpando, pilo ndi wotchi zili m'malo mwake. Ndinakhala. Lamba atayamba kufinya, mtima unayamba kundiuza kuti bwanji ikakwera lero, matikiti ali m'manja. Ndinatsinzina.

"Bambo a Chisa, lero lokha musandionetse. Mungondipatsa yaulemu."

"Yaulemu ndi ya makasitomala," anatero. "Kasitomala akapita amabwera wina. Tsegulani maso."

Ndinatsegula. Inali 138 ndi 86, nambala yomwe ija anandinamiza nayo mwezi wapitawo, koma ulendo uno inali pa makina. Analemba, anatseka buku, n'kundipatsa madzi ndi piritsi. Kenako anandipatsa diresi yanga ya chitenje cha maluwa achikasu kuti ndiike m'chikwama, n'kundiuza kuti ndipise dzanja kumanja, m'munsi mwa chiuno. Munali kathumba kobisika, kokwana kabotolo ka mapiritsi ndendende. Anakasoka ndi kachidutswa kaja kanali chigamba.

Tinadutsa Francistown, tinadutsa Harare, ndipo pa mlatho wa Zambezi palibe anagwera mnzake. Loweruka lake m'tchalitchi ku Balaka, Chisangalalo analowa atavala diresi ya bambo ake, itamukwana ngati anabadwa nayo, mainchesi awiri aja ali momwemo. Anthu onse anaimirira. A Beston anali atavala suti yotuwa ija, akulira poyera osabisa, ndipo ine ndinali pambali pawo, kabotolo kakundigunda pantchafu, ndikuwauza kuti apukute nkhope mwana asawaone choncho.